Makalata a omvera: za mlengalenga ndi masheya a mabatire

Tiyambe ndi kalata ya bambo wina, ndipo alemba atapsa mtima ndithu. Akuti: "Achimwene, ine zimandinyansa kumva kuti mayiko akuthira mabiliyoni kuponya zinthu kumwezi pomwe anthu akugona ndi njala. Phindu lake nchiyani?"

Bambo, mkwiyo wanu ndaumva koma tiwerengere kaye. NASA, bungwe la boma la America lofufuza za mlengalenga, imalandira madola pafupifupi 25 biliyoni pachaka, zikumveka zambiri eti, koma pa bajeti yonse ya boma lawo sizikwana ngakhale theka la 1 peresenti. Ndiye phindu lake musakalifune kumwezi, lili m'thumba mwanu momwemo, foni ikamakuuzani pomwe muli ndi masetilaiti a GPS amenewo, kamera yake ija luso lake analikonza ku JPL, labu ya NASA, cha m'ma 1990. Za nyengo ndiye osanena. Ku Odisha ku India namondwe wa 1999 anapha anthu pafupifupi 10,000, koma pomwe namondwe wina wotchedwa Phailin amabwera mu 2013 anali atamuona kale pa setilaiti akadali panyanja, anthu pafupifupi miliyoni anasamutsidwa, omwalira sanafike 100. Zotumiza anthu kumwezi zija, apo ndikuvomerezani pang'ono, mbali ina ndi mayiko kungoonetsana mphamvu basi.

Yachiwiri ndi ya mayi wina: "Mwana wanga akundikakamiza tigule masheya a kakampani kena ka mabatire, akuti apanga batire yodzadza mphindi zochepa ndipo tsogolo ndi galimoto zamagetsi. Ndiikeko penshoni yanga?"

Mayi, penshoni ayi chonde! Mwana wanu sakunama kuti mabatire ali ndi msika, mitengo ya mabatire a lithium-ion yatsika pafupifupi 90 peresenti chiyambire 2010, koma kutsika komweko ndi kumene kumapha timakampani ting'onoting'ono chifukwa akuluakulu ngati CATL ndi BYD a ku China amapanga zochuluka motchipa moti wamng'ono sangapikisane nawo pamtengo. Komanso batire imodzi kugwira bwino mu labu ndi nkhani ina, kupanga mamiliyoni ofanana ndendende, osatupa, osayaka moto, ndi nkhani inanso, fakitale yake imadya ndalama zaka ndi zaka kampani isanagulitse kanthu. Kampani ya mabatire ya A123 Systems inalonjezedwa thandizo la madola 249 miliyoni ndi boma la America koma inagwa mu 2012. Britishvolt ya ku Britain inagwa mu 2023. Northvolt ya ku Sweden, imene Volkswagen inaikamo ndalama zankhaninkhani, inagwa mu 2025, ndiye awa anali ndi akatswiri owawerengera, nanga inu ndi ine? QuantumScape, kampani inanso ya mabatire ya ku America, ikadalipo koma sheya yake inadutsa madola 100 mu Disembala 2020 kenako nkudzatsika kufika pansi pa madola 10, amene anagula pamwamba paja mpaka pano akulira.

China chimene anyamata ngati mwana wanuyu sanena nchakuti kampani yotere ndalama zikatha imatulutsa masheya ena atsopano, inu anu muli nawo omwewo koma gawo lanu mukampanimo likungochepa.

Ngati mtima ukufunabe, ikanimo kochepa kamene katati katayika simungadwale nako. Koma kaye mumufunse mwanayo kuti kampaniyo yagulitsapo kale mabatire kwa ndani, ndipo ndalama ili nazo kubanki ziifikitsa chaka chiti. Akapeza mayankho atilembere yekha, tidzawerenga pompano.