Dothi loyera mbee pansi pa nkhalango za kozizira: NDI PHULUSA? Ayi ndithu | Podzol

Musachoke, onani kaye chithunzi ichi. Ili ndi dzenje lokumbidwa m'nkhalango ya mapaini ku Finland. Pamwamba pakuda bii, pakati padutsa mzere woyera mbee, pansi pake ndi pofiirira mwadzimbiri. Choyeracho ndi chani? Imitsani vidiyo, lembani yankho mu komenti, kenako tipitirize. Ndikudziwa kale zimene ambiri mulembe, ndiye ndakonzeka kukangana nanu lero.

Mwachoma bwanji nonse, a ku Chipata kuno, a ku Katete, Lundazi, Petauke, Chadiza, ndi abale athu a tsidya ilo la Mwami amene mumationera ku Mchinji. Ngati ndinu atsopano dinani subscribe manje manje, ndi kabelu komwe, n'zaulere, sizidya bandulo yanu.

Lero tili pa Podzol, dothi la m'nkhalango zimene zinamera pamalo pomwe kale panali madzi oundana. Tithamanga pa zoyambirira chifukwa nkhani yeniyeni ili pakatipa.

Choyamba, dothili linachokera kuti. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo Canada pafupifupi yense, kumpoto kwa United States, Norway, Sweden, Finland ndi mbali ya Russia zinali pansi pa ayezi, malo ena wokhuthala mpaka makilomita 3. Ayezi wochuluka choncho sakhala chete, amayenda pang'onopang'ono, akuphwanya matanthwe, akukokolola dothi lakale lonse. Atasungunuka, zaka ngati 10,000 zapitazo, anasiya zimene ananyamulazo. Pamene ayezi anangotaya katundu wake panatsala chisakanizo cha dongo, mchenga, timiyala ndi zimiyala zazikulu zonse pamodzi, akatswiri amachitcha till. Pamene madzi osungunuka anayenda ngati mtsinje anasankhula, mchenga paokha, timiyala paokha, chimenecho ndi outwash. Basi. Mfundo yoti mugwire ndi yakuti dothi limeneli ndi laling'ono msinkhu. Katondo wathu wofiira wa kuno wakhala akufumbutuka kuchokera ku thanthwe kwa nthawi yaitali kwambiri kuposa pamenepo.

Chachiwiri, magawo ake ukakumba. [Chithunzi cha dzenje chibwerenso] Pamwamba penipeni pali gawo O, masamba a paini ndi spruce (mtengo wofanana ndi paini) osaola bwino, ndere, timizu tolukanalukana, ukhoza kulisenda ndi manja. Pansi pake gawo E, loyera lija. Kenako gawo B, lakuda pamwamba n'kumafiira ukamatsika. Pansi penipeni gawo C, till kapena mchenga uja monga momwe ayezi anausiyira. O, E, B, C. A Grade 12 lembani zimenezo. Malire a magawowa amaoneka bwino kwambiri moti ngakhale munthu amene sanaphunzirepo za nthaka amaloza ndi chala.

Tsopano tiyeni pa nkhani yathu. Phulusa.

Nthawi iliyonse chithunzi chotere chikaikidwa pa Facebook pamabwera munthu, nthawi zambiri ndi a ankolo ena ake olemba ndi zilembo zazikulu, akuti nkhalango inapsa kalekale, limenelo ndi phulusa, ndiye dothi limenelo ndi lachonde zedi, azungu ali ndi mwayi, n'chifukwa chake mitengo yawo ndi italiitali. A ankolo, mwaulemu wonse, ayi. Ndipo sindikukunenani, chifukwa maganizo amenewa ali ndi pochokera. Ife timadziwa phulusa. Tonse tinaonapo momwe maungu ndi bonongwe zimakondwera pamalo pamene anaotcherapo malasha. Abale athu a ku Northern, Luapula ndi Muchinga akhala akulima chitemene kuyambira kale, kudula nthambi, kuunjika, kuotcha, kubzala mawere paphulusa. Ndiye diso lathu likaona choyera m'dothi la m'nkhalango limati chonde. Koma gawo E ndi gawo losauka kuposa magawo onse m'dzenje limenelo, ndipo zimandipweteka mutu kuti ndi lomwe anthu amaliyamikira.

Tiyeni tiweruze mlanduwu bwinobwino. Phulusa limagwa pamwamba. Gawo E lili pansi pa masamba, ndipo limatsatira mtunda monse, chitunda ndi chitunda, malo ena n'kumalowa pansi motsatira momwe mizu inadutsa. Moto wanji umene umayala phulusa pansi pa masamba osapsereza masambawo? Nkhalango za kumeneko zimapsa ndithu, sindikukana, koma chimene moto umasiya ndi timakala takuda m'gawo O, phulusa lenilenilo mvula imalisungunula posachedwa.

Tengani pang'ono m'dzanja. Phulusa ndi lofewa, ukalinyowetsa limaterera. Gawo E limakhakhala, ndi mchenga, timibulu ta mwala wa quartz tosambitsidwa mbee. Thirani viniga pa phulusa la nkhuni, lichita thovu. Thirani pa dothi la gawo E, zii, palibe chichitika. Ndipo pa pH, sikelo yoyezera asidi (nambala ikatsika, asidi wachuluka), ndiye mlandu umathera pomwepo: phulusa la nkhuni limapitirira 9, lili ndi calcium ndi potassium, limachepetsa asidi m'nthaka, n'chifukwa chake maungu aja amasangalala. Gawo E limakhala cha m'ma 4, asidi weniweni. Zinthu ziwirizi zili mbali zosiyana za sikelo, zangofanana mtundu basi.

Nanga kuyerako kunabwera bwanji? Amayi amene mumatcheza chidulo mumva msanga kuposa ena onse. Mumaika phulusa m'chitini chobooka pansi, mumathira madzi pamwamba, madziwo amadontha atatenga mphamvu yonse, zotsala m'chitini ndi zinyalala zosukuluka zoti mutaye. Nkhalango ija ikuchita zomwezo ndi dothi lake, kusiyana kwake n'kwakuti madzi ake ndi a asidi ndipo yakhala ikutcheza zaka masauzande. Masamba a paini ndi spruce amaola mochedwa chifukwa cha kuzizira, nyongolotsi zosakaniza dothi ndi zochepa kwambiri m'dothi la asidi chotero, ndiye amene amagwira ntchito yoola ndi nkhungu za mtundu wa bowa, ndipo poola pamatuluka ma asidi. Mvula ndi chipale chofewa chosungunuka n'zambiri kuposa madzi amene dzuwa la kumeneko lingaumitse, mchenga nawo sugwira madzi, ndiye madzi amangolowera pansi chaka ndi chaka. Ma asidi aja amagwira iron ndi aluminium zimene zinakuta timibulu ta mchenga n'kutsika nazo. Iron ndi amene amapatsa dothi kufiira. Mukamuchotsa mchenga umatsala woyera. Ndiye katunduyo sapita kutali, amakatsitsidwa m'gawo B, n'chifukwa chake B ndi wakuda ndi wadzimbiri. Kuyera kwa E ndi kufiira kwa B ndi nkhani imodzi, zimene zasowa pamwamba mukazipeza pansi.

Ndikuona kale wina akulemba kuti koma ku Yukon, ku Canada, kuli mzere woyera wa phulusa m'dothi. Inde ulipo, White River Ash, koma limenelo ndi phulusa la phiri lophulika, Mount Churchill wa ku Alaska, ndi nkhani ina, musandisokonezere kalasi.

A ankolo abweranso: nanga mitengo ikuluikuluyo ikudya chani ngati dothi ndi losauka? Funso labwino limenelo. Chakudya chambiri chili m'mitengo momwemo ndi m'gawo O lija, chikungozungulira, tsamba lagwa, laola, muzu watola. Mizu yambiri yaing'onoing'ono ili pamwamba, ndipo imagwirizana ndi bowa amene amaithandiza kutola chakudya. Ndipo izi si zachilendo, miombo yathu imachitanso chimodzimodzi, ndelema ndi manyame mumazula m'miombo, m'munda wa chimanga simuzipeza, chifukwa moyo wake uli pa mizu ya mitengoyo. Mukagwetsa nkhalango yotere n'kuchotsa gawo O mwatsala ndi mchenga wa asidi. Pa pH yotsika pansi pa 5.5 aluminium amayamba kuwononga mizu ya mbewu ngati chimanga, ndipo phosphorus wa mu fetereza amagwidwa ndi iron ndi aluminium, mbewu osamupeza. Alimi a kumeneko amalima mbatatesi, oats, rye ndi udzu wa ng'ombe, koma ndi laimu ndi manyowa ochuluka. Malo ambiri anangowasiya akhale nkhalango za matabwa ndi mapepala, ndipo kwa ine kumeneko kunali kuganiza bwino.

Tisanapite pa chachitatu, manotsi a vidiyo ino ndi zithunzi zonse ndaika pa gulupu yathu ya WhatsApp, linki ili mu description. Aphunzitsi a geography tengani, gwiritsani ntchito, ingotchulani chanelo. Ndipo ngati mwafika mpaka pano osadina like, abale, ndakulakwirani chani?

Chachitatu, maonekedwe ndi makhalidwe ake ukaligwira. Mwachidule: mchenga wambiri, dongo lochepa. Mchenga ndi timibulu ta 0.05 mpaka 2 mm pa muyeso wa ku America, dongo ndi tochepera 0.002 mm. Ukalinyowetsa n'kuyesa kuumba, silimata, limangoyoyoka. Silisunga madzi, koma chodabwitsa n'chakuti malo ena limadikha madzi, chifukwa iron, aluminium ndi zoola zija nthawi zina zimamatirira gawo B n'kukhala chigamba cholimba chotchedwa ortstein, khasu limangodumpha. Malo enanso till wa pansi anapsinjidwa ndi kulemera kwa ayezi moti mizu ndi madzi sizilowa, ndiye mitengo imayala mizu pamwamba, mphepo ikabwera imazuka ndi dothi lomwe. Ndiye miyala. Eee, miyala. Kuzizira kumaikankhira pamwamba chaka ndi chaka, alimi akale a ku New England, ku United States, ankatola n'kumaunjika m'malire a minda, mipanda ya miyalayo ilipo mpaka lero m'kati mwa nkhalango zimene zinameranso minda itasiyidwa. Mtundu wa dothi akatswiri sayerekeza ndi maso chabe, amafanizira ndi kabuku ka mitundu ka Munsell.

Chachinayi, maina ndi magulu, apa ndi pamene ana asukulu amasokonezeka chifukwa dothi limodzi lili ndi maina atatu. Dzina lakuti Podzol linachokera ku Russia, kwawo kwa Vasily Dokuchaev, amene buku lake la 1883 lonena za dothi lakuda la chernozem ambiri amaliona ngati chiyambi cha sayansi ya nthaka. Pa ndondomeko ya dziko lonse, World Reference Base, imene inatuluka koyamba mu 1998 ndipo ili ndi magulu akuluakulu 32, dothili ndi Podzols. Ku United States ali ndi yawo, Soil Taxonomy, ya 1975, lero ili ndi magulu 12, kumeneko ndi Spodosols, ndipo amawagawanso kasanu: Aquods a malo onyowa, Gelods ndi Cryods a kozizira kwambiri, Humods amene gawo B lachuluka zoola, ndi Orthods, wamba. Canada nayenso ali ndi yake, Podzolic, yogawidwa patatu, Humic, Ferro-Humic ndi Humo-Ferric, malinga ndi chimene chachuluka m'gawo B.

Mwaona chimene chikubwerezedwa? Gawo B. Chiphaso cha dothili si mzere woyera uja, ndi gawo B lodzala ndi zotsika kuchokera pamwamba, limene amalitcha spodic, ndipo liyenera kukhala lokhuthala masentimita 2.5 kapena kuposa. Munda ukalimidwa pulawo imasakaniza E ndi O, choyera chija n'kusowa, koma B akadalipo dothilo likadali Podzol. Pa mayeso funso limeneli limagwetsa anthu.

Kukula kwake, FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, imati Podzols ndi mahekitala pafupifupi 485 miliyoni pa dziko lonse. Zambia yense ndi mahekitala 75 miliyoni, ndiye werengani nokha, ma Zambia 6 ndi kachidutswa. Ku Michigan, ku United States, amalinyadira moti Kalkaska sand, dothi la m'gulu la Spodosols, ndi dothi loimira dera lawo.

Chachisanu, chachifupi. Si dothi lililonse losiyidwa ndi ayezi limene limakhala Podzol. Till akakhala ndi dongo lambiri kapena laimu, pansi pa mitengo ya masamba aakulu, mupeza magulu ena a dothi, Luvisols kapena Cambisols, abwinoko kulima. Pamalo odikha madzi mupeza Gleysols ndi Histosols. Komanso Podzol safuna ayezi kuti apangike, kufupi ndi mtsinje wa Rio Negro m'chigawo cha Amazon aliko pa mchenga woyera, kotentha, ndipo ma asidi omwe aja ndi amene amadetsa madzi a mtsinjewo.

Ena mwakhala mukufunsa mu inbox kuti nanga munda wanga ndingadziwe bwanji ngati uli ndi asidi. Musalawe dothi, chonde, ndinaona wina akulangiza zimenezo pa TikTok. Funsani alangizi a zaulimi a m'kampu yanu kapena a ZARI, bungwe la kafukufuku wa zaulimi, ku Msekera za kapimitsidwe ka nthaka. Vidiyo ya sabata yamawa ndi ya zimenezo, katengedwe ka sampulo m'munda, malo angati, kuya bwanji, ndiponso ya katondo ndi makande a m'madambo athu. Amene munalemba kuti phulusa kumayambiriro kuja musafufute komenti, ndaiona kale. Dinani vidiyo imene yatuluka kumanjaku, ya chifukwa chake Urea amaonjezera asidi m'munda, tikumane kumeneko.