Nyimbo za m'mafilimu a Chitamil: chonde lekani kuzitcha Bollywood

[Ng'oma ya thavil ilire masekondi ochepa, kenako nkhope ya wofotokoza]

Mwaimva ng'oma imeneyo? Ngati mumtima mwanena kale kuti "aa, za Bollywood izi", musachoke, vidiyo ino ndi yanu. Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili ku Chennai, kummwera kwa India. Dinani subscribe panopa, chifukwa ndikayamba kukangana ndiiwala kukukumbutsani.

Choyamba, mbiri mwachangu. Filimu yoyamba yolankhula ya Chitamil, Kalidas, inatuluka mu 1931. Masiku amenewo wosewera ankayenera kukhalanso woimba, ndipo nyimbo zinkachokera ku zisudzo ndi ku Carnatic, nyimbo zamakedzana za kummwera zoyendera ma raga, ndondomeko za mmene mawu a nyimbo amakwerera ndi kutsikira. Kenako M.S. Viswanathan ndi T.K. Ramamoorthy, omwe anapeka limodzi kuyambira 1952 mpaka 1965, anapeputsa ma raga aja kuti munthu wamba aziimba akuyenda mumsewu. Basi, tadutsa.

Chachiwiri, amene akuyasama pa filimu si amene akuimba. Mawu amajambulidwa kale mu situdiyo ndi akatswiri ngati S. Janaki ndi malemu S.P. Balasubrahmanyam. Ambiri mukuzidziwa izi.

Chachitatu. Eee, apa ndiye khalani bwino, ndipamene pamandipweteka mutu.

Anthu amati filimu iliyonse yachiindiya yovina ndi Bollywood. Bodza! Bollywood ndi ya ku Mumbai ndipo imalankhula Chihindi. Mafilimu a Chitamil kwawo ndi ku Kodambakkam, dera la mu Chennai. Chitamil ndi Chihindi si zilankhulo zapachibale ngakhale pang'ono, Chitamil chili m'banja lake la zilankhulo za Dravidian. Zili ngati munthu waonera filimu ya ku Lilongwe n'kunena kuti "ya Nollywood iyi". Simungapse mtima?

Wina ati, "koma nyimbo zake zimamveka chimodzimodzi." Abale, tcherani khutu.

[Onetsani parai m'manja mwa woimba]

Iyi ndi parai. Ng'oma yaphanthiphanthi, chikopa mbali imodzi, amaikoleka paphewa n'kumaimenya ndi timitengo tiwiri, kena konenepa, kena kopyapyala. Kwa zaka zambiri inkalira pamaliro ndi polengeza uthenga, ndipo oimenya anali a Dalit, anthu omwe ankasalidwa. Iyi yachiwiri ndi thavil, yooneka ngati kambiya, imayenda ndi chitoliro chachitali cha nadaswaram paukwati ndi kukachisi. Kamvekedwe kameneka kwawo ndi kummwera. Kugunda kothamanga kuja kotchedwa kuthu, komwe kamakudzutsani pampando ngwazi ya mufilimu ikalowa, kunachokera m'misewu ndi m'midzi ya ku Tamil Nadu, chigawo chomwe muli Chennai, osati ku Mumbai.

Amene analowetsa mudzi mu situdiyo mwamphamvu ndi Ilaiyaraaja. Anabadwa mu 1943 m'mudzi wa Pannaipuram, anakula akuyendayenda ndi gulu loimba la mkulu wake, Pavalar Varadharajan. Atafika ku Chennai anaphunzira nyimbo zachizungu kwa Dhanraj Master. Ndiye mu 1976, pa filimu yake yoyamba ya Annakili, anatenga maimbidwe a amayi a kumudzi n'kuwaika pamodzi ndi mavayolini ndi gitala. Lero wapekera mafilimu oposa 1,000. Ine ndimati mukafuna kumumvetsa musatsate mawu a woimba. Tsatani gitala ya besi pansi, ili ndi nyimbo yakeyake. Kenako mverani kachigawo ka zida zokhazokha pakati pa mavesi, mmene chitoliro chimafunsira mavayolini n'kumayankha. Munthu ameneyu mu 1986 anatulutsa chimbale chopereka ulemu kwa Bach, wopeka nyimbo zachizungu wa ku Germany, ndi kwa Tyagaraja, wopeka wamkulu wa Carnatic, onse awiri malo amodzi!

Ngati mwafika pano, tayikani like, zimathandiza kuti vidiyo iyende.

"Nanga A.R. Rahman, si wa Bollywood?" Ndimadziwa kuti mufunsa. Rahman anabadwira ku Chennai mu 1967, ndipo ali mnyamata ankaimba kiyibodi m'gulu la Ilaiyaraaja yemweyo. Filimu yomwe inamutchukitsa, Roja ya mu 1992, ndi ya Chitamil. Chinachitika n'chakuti anaimasulira m'Chihindi, nyimbo zomwezo n'kuziveka mawu atsopano, ndiye anthu ambiri anazimva koyamba m'Chihindi n'kuganiza kuti kwawo n'komweko. Filimu yake yoyamba yopekera Chihindi mwachindunji, Rangeela, inabwera mu 1995. Inde, wagwira ntchito yambiri ku Mumbai, sindikukana, ndipo anapata ma Oscar awiri mu 2009. Koma anakulira m'masitudiyo a ku Chennai. Ngakhale Ilaiyaraaja zinamuchitikira: Moondram Pirai ya mu 1982 anaipanganso m'Chihindi chaka chotsatira, nyimbo yake yogoneka mwana n'kupita nayo. Ndiye mtsinje ukuyenda kuchokera kuti kupita kuti? Yankhani mu komenti, ndiwerenga.

Chachinayi, nthawi yatithera. Gaana, nyimbo za anthu ogwira ntchito zolemetsa kumpoto kwa Chennai, zinalowa m'mafilimu kwambiri kudzera mwa wopeka nyimbo Deva m'zaka za m'ma 1990, ndipo wopeka wina Santhosh Narayanan wabwezeretsa parai patsogolo. Anirudh Ravichander uja anapeka nyimbo ya Why This Kolaveri Di ya mu 2011, nayenso ndi wa ku Chennai.

Sabata yamawa titsegula raga imodzi, tione mmene imasandukira nyimbo ya chikondi ya mufilimu. Dinani kabelu kuti isakupiteni, ndipo tumizani vidiyo ino kwa mnzanu uja amene zonse amati Bollywood.