Aker: dera lakumudzi lomwe linakulitsa Oslo

Moni nonse. Tayang'anani mapu a Oslo, likulu la Norway. Mukuiona nkhalango iyi kumpoto, ndi chigwa chodzaza nyumba zosanjikizana kum'mawaku? Chisanafike chaka cha 1948, malo amenewa sanali a mzindawu. Anali a Aker, dera lakumudzi lomwe linkadzilamulira lokha kuyambira mu 1838.

Aker inauzungulira mzinda mbali zonse za kumtunda, kwinaku ndi nyanja. Mafakitale atamera m'mbali mwa mtsinje wa Akerselva, anthu anakhamukira m'tauni, malo n'kuchepa. Mzinda, womwe nthawiyo unkatchedwa Christiania, unayamba kubenthulako Aker: mu 1859, kenakonso mu 1878.

Sizinakwanebe. Sitima yamagetsi yopita ku Holmenkollen, dera lakumapiri la ku Aker, itayamba kuyenda mu 1898, anthu opeza bwino anaona kuti angathe kugona ku Aker, kwa mpweya wabwino ndi mabwalo aakulu, m'mawa n'kutsikira kuntchito mumzinda. Apa ndiye panagona nkhani. Malipiro ankalandira mumzinda, misewu ankayendamo ya mumzinda, koma msonkho ankapereka ku khonsolo ya Aker. Ndi khonsolo iti ingasekerere zotere?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, nyumba zinasowa kwabasi. Oslo inali yopanikizika pa malo osafika masikweya kilomita 20, pomwe Aker inali ndi oposa 400, yambiri minda ndi nkhalango. Kumudzi kwakenso kunali kwa dzina chabe, poti anthu ake anali atapitirira 130,000.

Pa 1 Januwale 1948 makhonsolo awiriwa anakhala amodzi, dzina n'kukhalabe Oslo.

Zotsatira zake sizinachedwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pa minda ya ku Lambertseter panamangidwa mudzi watsopano wa nyumba zosanjikizana, woyamba wa mtundu wake mumzindawu. Kenako ntchito inalowera m'chigwa chakum'mawa chija, chotchedwa Groruddalen, ndipo mu 1966 sitima yoyenda pansi panthaka inayamba kutumikira madera akum'mawawa. Kwa ine, phindu lenileni linagwera mabanja a anthu apantchito omwe ankathithikana m'tizipinda ta m'kati mwa tauni, ngakhale kuti minda yachonde yambiri inakwiririka ndi simenti.

Khonsolo ya Aker inatha, koma dzinali mulipezabe: zigawo ziwiri za Oslo zimatchedwa Vestre Aker ndi Nordre Aker, kulinso chipatala cha Aker.