Makalata a Omvera: Baseball ya Makedzana m'Mafilimu Anthabwala

Takulandirani, omvera athu. Tiyambe ndi bambo wina wa ku Kasungu. Akuti: "Ana anandionetsa kafilimu koseketsa ka ku America, ka anthu akusewera baseball, masewera omenya mpira ndi chibonga, m'zaka za m'ma 1850. Ankawakha mpira ndi manja chabe, ndipo womenya wina anatuluka ngakhale mpira unali utadunda kale pansi. Kodi opanga filimuyo anasowa ndalama zogulira magolovesi?"

Ayi bambo, pamenepo sananame. Magolovesi anayamba kuoneka m'ma 1870, ndipo oyamba kuwavala ankasekedwa kuti ndi amantha. Za kudundazo, malamulo a kalabu ya Knickerbocker ya ku New York a mu 1845 ankaterodi: mpira ukadunda kamodzi n'kuwakhidwa, womenya watuluka. Woponyanso ankaponya chamunsi, osati kudutsitsa mkono pamwamba pa phewa ngati lero.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi athu amene akukhala ku Indiana, ku America. Akuti: "Ndaonera The Bingo Long Traveling All-Stars & Motor Kings, filimu ya mu 1976 ya timu ya baseball ya anthu akuda. Mtima unandiwawa. Azibambo akuda aluso chotere azivina mumsewu kuti azungu aseke?"

Mayi, ndakumvani, ndipo ululu umenewo ndi woyenera. Koma filimuyo musaitaye. Nkhani yake ikuchitika mu 1939, pamene munthu wakuda sankaloledwa m'maligi akuluakulu. Chitseko chinatseguka mu 1947 ndi Jackie Robinson, wosewera wakuda, ku timu ya Brooklyn Dodgers. Isanafike nthawiyo, matimu ena a anthu akuda ankayenda tauni ndi tauni, chakudya chawo chikuchokera pa ndalama za pageti. Kukopa anthu kunali kofunika. Ankasewera ngakhale opanda mpira: wina kuponya mphepo, wina kumenya, wina kudzigwetsa pafumbi n'kuwakha chinthu chimene palibe, mwaluso moti ali kutali ankakhulupirira kuti mpira ulipo.

Kwanu komweko kunali timu ya Indianapolis Clowns, ndipo Hank Aaron anaisewerera mu 1952. Tangoganizani, munthu amene anadzaposa katswiri wotchuka Babe Ruth pa ma home run (kumenya mpira mpaka kutuluka m'bwalo) anadzera m'timu ya azisudzo! Mukaoneranso, muyang'anitsitse nkhope ya James Earl Jones, mmodzi mwa ochita sewero mufilimu ya Bingo Long ija, pamene anzake ayamba zovinazo. Filimuyo ikudziwa bwino kuti kusekako kunali ndi mtengo wake.

Mwachidule, mnyamata wina wa ku Mzuzu akufunsa filimu yotchipa imene angaphunzirepo, poti naye amajambula zisudzo pafoni. Achimwene, sakani One Run Elmer ya Buster Keaton, ya mu 1935. Anaipanga atachotsedwa ntchito ku kampani yaikulu ya mafilimu ya MGM, pansi pa kampani yaing'ono ya Educational Pictures. Muli kamalo kogulitsira petulo m'chipululu, bwalo lafumbi ndi anthu ochepa. Muonetsetse mmene amadikirira asanagwe, chifukwa nthabwala yake yagona pamenepo. Mukajambula yanu mutiuze.