Galu ndi mphaka sanena pamene pakuwawa

Amayi ndi abambo, akuluakulu nonse amene mwasonkhana pano, zikomo kwambiri chifukwa chopatula nthawi yanu. Ndapemphedwa kuti ndilankhule za matenda amene amavutitsa agalu ndi amphaka kawirikawiri, ndipo ndiyamba ndi chinthu chimene chimandiwawa mtima pa ntchito yanga ya udokotala wa ziweto: nyama zambiri zimene zimatifera m'manja zimakhala kuti zafika mochedwa, kapena mwini wake anayamba wazimwetsa mankhwala olakwika, chonsecho matenda ake anali ochiritsika.

Galu sanena kuti m'mimba mukupota, ndipo mphaka ndiye amachita kubisa, amangokabindikira pa ngodya yamdima. Choncho woyamba kuyeza chiweto ndinu eni ake, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tukulani mlomo wa m'mwamba muone nkhama. Za nyama yathanzi zimakhala zofiirira ndi zonyowa. Zikayera mbee ndiye kuti magazi achepa, zikaoneka zachikasu ndiye kuti chiwindi chili pa mavuto kapena magazi akuphwanyika. Tsinani chikopa cha pa khosi n'kuchisiya, ndipo chikachedwa kubwerera dziwani kuti madzi achepa m'thupi. Thupi la galu ndi mphaka limatentha madigiri 38 mpaka 39, kuposa la munthu, kotero kumveka kofunda pokhapo si matenda, ndipo mphuno youma imene ambiri amaidalira siuza chilichonse chodalirika.

Tsopano ndikhalitse pa matenda amene amamaliza tiana ta agalu, otchedwa parvo. Kachilombo kake kanadziwika m'chaka cha 1978 ndipo kanafalikira dziko lonse m'zaka zochepa. Kamakonda tiagalu ta masabata 6 mpaka miyezi 6. Kagalu kamene dzulo kamasewera lero kakukana chakudya, kakusanza, kenako kakutsegula m'mimba chimbudzi cha magazi chonunkha kwambiri, fungo loti ukalimva kamodzi suliiwala. Kachilomboka kamakokolola khungu la m'kati mwa matumbo, ndipo chimene chimapha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi pamodzi ndi tizilombo tina timene timalowa m'magazi kudzera m'matumbo owonongekawo. Palibe piritsi lowamwetsa kunyumba loti lichiritse parvo. Chimene timachita ndi kuika dilipi, kuletsa kusanza ndi kuteteza magazi kufikira thupi litadzimenyera lokha, ndipo kagalu kakafika tsiku loyamba mwayi wake umakhala waukulu ndithu. Choipa china n'chakuti kachilomboka kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Ndaonapo banja likutaya kagalu, n'kukatenga kena sabata yotsatira, nako n'kufa mofanana, iwo n'kumaganiza kuti pali wina akuwathirira poizoni. Mbale ndi simenti muzitsuke ndi mankhwala ochapira a klorini, kapu imodzi pa makapu 30 a madzi, ndipo pa bwalo limenelo pasabwere kagalu kosamaliza katemera. Ndanena kuti kosamaliza, chifukwa jakisoni mmodzi sakwanira. Woyamba amabayidwa pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakapita masabata atatu kapena anayi kufikira masabata 16, popeza chitetezo chimene kagalu kanayamwa kwa make chimatha kulepheretsa katemera woyambayo kugwira ntchito.

Za njoka za m'mimba ndinena mwachidule. Tiagalu tambiri timabadwa nazo kale, chifukwa zimachoka kwa make tisanabadwe kapena kudzera mu mkaka, ndipo mudzatizindikira ndi mimba yotupa, nthiti zoonekera ndi ubweya wosasalala bwino. Mankhwala amayamba pa masabata awiri, kubwereza masabata awiri alionse kufikira miyezi itatu, ndipo nyama yaikulu imwe miyezi itatu iliyonse. Mazira a njoka zina amadwalitsanso ana osewera pa dothi, choncho chimbudzi cha galu chizikwiriridwa.

Nkhupakupa ndi utitiri anthu amazitenga ngati zongoyabwa, komatu nkhupakupa imabaya m'magazi tizilombo tophwanya magazi, galu n'kufooka, nkhama n'kuyera, mkodzo n'kuda. Utitiri waukazi umodzi umatha kuikira mazira okwana 50 pa tsiku, ndipo mazirawo amagwera pogona, moti mukasambitsa galu osachapa chogonera chake mwangotaya mankhwala. Mphere nazo, zimene zimathothola ubweya ndi kukhakhalitsa chikopa, zimayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokumba m'khungu, ndipo mtundu wina umayabwitsa ngakhale anthu a m'nyumbamo.

Apa ndi pamene ngozi yaikulu imayambira, chifukwa munthu wachifundo amafuna kuthandiza ndi chimene ali nacho pafupi. Wina amapaka galu wa mphere oilo wakuda wa galimoto, amene amawotcha khungu ndi kuwononga m'mimba galuyo akamadzinyambita. Wina amasungunula dibi wa ng'ombe mongoyerekeza. Wina amatenga mankhwala a utitiri a galu n'kudontheza pa mphaka, osadziwa kuti ambiri mwa mankhwala amenewo ali ndi permethrin, amene amanjenjemeretsa mphaka, kumukomola, mpaka kumupha. Mphaka si galu wamng'ono ayi, chiwindi chake sichitha kusungunula mankhwala ena amene galu ndi munthu amasungunula. N'chifukwa chake paracetamol, amene ambirife timangomutcha Panado, piritsi limodzi lokha limatha kupha mphaka: nkhope imatupa, nkhama zimada, magazi amalephera kunyamula mpweya. Ibuprofen naye, mankhwala ena a anthu ochepetsa ululu, amachititsa zilonda m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso. Anyezi ndi adyo zimaphwanya magazi a nyama zonse ziwirizi, ndipo chokoleti ndi mphesa ndi zoopsa kwa galu. Safunsa anadya phula. Musanapereke chilichonse, funsani wa zachipatala cha ziweto, ndipo chiweto chikadya poizoni munyamule botolo kapena pepala lake pobwera, chifukwa limatithandiza kudziwa msanga chochita.

Kwa inu osunga amphaka, pali zizindikiro ziwiri zimene sizigonetsedwa. Mphaka wamwamuna akamanjuta kawirikawiri, akulira, koma mkodzo osatuluka kapena kungodontha, ambiri amaganiza kuti wadzimbidwa, pamene njira ya mkodzo yatsekeka ndi timiyala tonga mchenga, ndipo akapanda kutsegulidwa amafa pa masiku awiri kapena atatu. Chachiwiri, mphaka akakhala masiku awiri osadya, makamaka wonenepa, mafuta amatha kuyamba kudzaza m'chiwindi, ndiye musadikire kuti njala imubweza yokha.

Ndasiyira dala chiwewe ku mapeto chifukwa apa tikunena za moyo wa anthu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amakhala atalumidwa kapena kukandidwa ndi galu. Kachilombo kake kamakhala m'malovu, kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo, kawirikawiri kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo zizindikiro zikangoyamba palibenso mankhwala. Musayembekeze kuti nyama yachiwewe nthawi zonse imalusa; ina imangofatsa, nsagwada italendewera, dovu likuchucha, ndipo mwini wake amalowetsa dzanja m'kamwa poganiza kuti yatsamwidwa ndi fupa. Chonde, amayi ndi abambo, musachite zimenezo. Katemera alipo kuyambira mu 1885 pamene Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu, ndipo agalu 70 pa 100 alionse m'dera akabayidwa, matendawa amasiya kufalikira. Galu ndi mphaka abayidwe akakwana miyezi itatu, n'kumabwereza monga momwe dokotala walembera pa khadi.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, musalimange mothina, ndipo pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo kuti akayambe katemera. Galu wolumayo ngati n'kotheka amangidwe pamalo poti safikira anthu, a zaziweto adziwitsidwe, ndipo aonedwe kwa masiku 10, koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo kuti akayambe jakisoni. Ana ambiri amabisa akalumidwa poopa kukalipiridwa, ndiye mukafika kunyumba lero muwauze kuti akangokandidwa ndi galu kapena mphaka azinena nthawi yomweyo, ndipo sadzakalipiridwa.