Fani ikalira, tsitsani ndege

Zikomo a mfumu, zikomo akuluakulu a mpingo potibwereka holoyi, makolo nonse, ndi inu anyamata amene mwaunjikana kumbuyoko. Sunthirani kuno, nkhaniyi ndi yanu. Ambiri mumandidziwa, ndimakonza mafoni ndi makompyuta pa boma pompano.

Za sabata yatha mwazimva, nyumba sinditchula. Mnyamata anasiya laputopu pabedi, pamwamba pa bulangete, ili pachaja, ikukoka update, zatsopano zimene eni gemu amatumiza pa intaneti, ya gemu yoyendetsa ndege. Iye tulo. Mayi ake anadzuka pakati pa usiku ndi fungo la pulasitiki wopserera. Bulangete linada, batire inatupa mpaka kutukula kiyibodi. Tithokoze Mulungu palibe anavulala, koma m'chipindamo munagona ana atatu.

Ndiye ndamva zambiri pamsika. Ena akuti update ija anaitumiza dala kuti iphe makompyuta akale tigule atsopano. Ena akuti mwana amauluka usiku, zamubwerera. Amayi anga, mwana uja musamupake mbiri yoipa, ndi mwana wabwino, amangofuna kudzakhala woyendetsa ndege. Laputopuyo ndaitsegula ndi manja angawa. Chimene ndapezamo ndi fumbi. Fumbi loumbana ngati thonje, lotseka njira yonse yotulukira mpweya. Pansi bulangete latseka, mkati fumbi latseka. Kutentha kukanatulukira kuti?

Mawu amene ndikufuna mupite nawo kunyumba ndi awa: fani ikalira, tsitsani ndege. Ndikunena fani ya mkati mwa laputopu, yotulutsa mpweya wotentha. Tsekani gemu. Musaikakamize.

Makolo, ndikufotokozereni chimene ana anuwa amasewera, chifukwa si bawo ayi. Gemu yotchuka kwambiri ndi Microsoft Flight Simulator. Ndi yakale, inayamba mu 1982, ambiri a inu musanabadwe. Imene anyamatawa ali nayo inatuluka mu Ogasiti 2020, anaipanga a Asobo Studio a ku France, ndipo ina yatsopano inabwera mu Novembala 2024. Palinso X-Plane, palinso FlightGear yomwe ndi yaulere. Mwana amakhala pa tebulo, n'kunyamuka pa bwalo la Kamuzu, n'kudutsa pamwamba pa phiri lathuli, n'kukatera ku Chileka. Mitambo, mphepo, mitengo, nyumba, mawotchi onse a kutsogolo kwa ndege, zonsezo kompyuta imaziwerengera nthawi imodzi, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Pa magemu onse, awa ali m'gulu la olemetsa kwambiri purosesa. Purosesa ndi kachitsulo kakang'ono, mwina ngati bokosi la machesi, ndiye ubongo wa kompyuta. Kakamagwira ntchito kamatentha, ndipo ntchito ikachuluka kutenthanso kumachuluka.

Amene munakwerapo lole pa Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti mundimva msanga. Lole yakale, rediyeta yake yodzaza matope, imayenda bwinobwino kuchigwa. Mwini wake amati galimoto yanga ilibe vuto. Tsiku lina aiwonjezera matumba makumi awiri, iyambe chitunda chija. Pakati pa phiri madzi abwata. Kodi walakwa ndi matumba? Matumba angoulula matenda amene analipo kale. Update ndi matumba amenewo. Imabwera ndi mitengo yambiri, mabwalo a ndege okongola, mitambo yooneka ngati yeniyeni. Laputopu yanu ndi yomwe ija munagula ya kaunjika, ya zaka zisanu ndi ziwiri, sinatsegulidwepo chigulireni.

Tsono purosesa ili ndi nzeru kuposa dalaivala wouma mutu. Zambiri za Intel malire ake ndi madigiri 100, za AMD Ryzen zambiri ndi cha m'ma 95. Ikayandikira pamenepo imadzichepetsa liwiro yokha kuti izizire. Ndi nthawi imene mumaona ndege ikudukiza, chithunzi chikuima, mawu akudukaduka. Inu mumati netiweki yavuta. Nthawi zambiri si netiweki, ndi kompyuta ikukupemphani kuti ipume. Mukakana, imazima yokha. Ndiye ndimakuonani anyamata inu, ikazima mumayatsanso pompo, ikazimanso mumayatsanso, chifukwa mwatsala pang'ono kutera. Ayi, ana anga. Purosesa imadziteteza, koma batire ili pafupi pomwepo ilibe nzeru imeneyo. Batire ya lithium sifuna kuchajidwa pa kutentha kopitirira madigiri 45. Mukamaiwotcha tsiku ndi tsiku imatupa, ndipo batire yotupa ndiyo imayatsa moto m'nyumba. Fani ikalira, tsitsani ndege.

Bambo wina anandiuza kuti, kuno ku Dedza kozizira chonchi, mu Juni timagona ndi majuzi, kompyuta itentha bwanji? Kuzizira kuli panja. Ndipo kuzizira komweko ndi kumene kumatipangitsa kulowa nayo laputopu m'bulangete. Chinanso, tauni yathuyi ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,600, mpweya wa kuno ndi wopepuka kusiyana ndi wa kunyanja, ndiye fani ikamazungulira imanyamula kutentha kochepa pang'ono. Onjezerani fumbi la Okutobala, utsi wa mbaula, ubweya wa mabulangete. Mwezi watha ndinatsegula kompyuta ina n'kupezamo mphemvu zitamanga banja pafupi ndi fani. Mwini wake ankadyera mandasi pa kiyibodi.

(Mnyamata wina akuimirira: "Pepani achimwene, nanga tikangokana update imeneyo, tizisewera yakale ija yomwe sinkavuta, sizingatheke?")

Funso labwino, khala pansi ndikuyankhe bwinobwino, chifukwa ambiri amaganiza choncho. Pa Microsoft Flight Simulator, update zikuluzikulu sungazikane. Ukatsegula gemu uli pa intaneti, imayamba yaona ngati pali yatsopano, ndipo sikulola kuuluka usanaikoke. Ndipo tamvera apa, chifukwa apa ndi pamene panagwera mnzako uja: pa gemu ya 2020, update imakokedwa gemu ili yotseguka. Iwe umaona kamzere kakuyenda pang'onopang'ono n'kumati kompyuta ikupuma. Sikupuma. Ikumasula mafayilo akuluakulu, gemu yonse imafuna malo okwana 150 GB, ndipo ndi intaneti yathu ya kunoyi ntchito imeneyo imatha usiku wonse. Usiku wonse fani ikulimbana, iwe uli mtulo. Pa X-Plane zimasiyana, umasankha wekha nthawi yoika update, ndipo pali kabokosi ka beta. Beta ndi ndiwo zosapsa, akuti talawani mutiuze. Ngati kompyuta yako ndi yofooka, kabokosi kameneko usakakhudze.

Komanso usaione update ngati mdani. Ya mu Julaye 2021, imene amaitcha Sim Update 5, inapepukitsa gemu pa makompyuta ambiri. Zina zimabwera kudzakonza zolakwika. Chimene uyenera kudziwa ndi zomwe zimachitika ikangotha kulowa. Choyamba, gemu imakonzanso timafayilo tojambulira zithunzi, amati shader cache, ndiye ulendo woyamba ndi wachiwiri imadukiza ndipo purosesa imatentha kuposa masiku onse. Zimenezo zimatha zokha, uleze mtima. Chachiwiri, nthawi zina settings zimasintha osakuuza. Iwe unaika pa Medium, ukapeza zakwera. Kayang'ane, usangoganiza. Chachitatu, ndege ndi mabwalo amene mumapatsana pa fulashi aja, amene mumaika mu foda ya Community. Anapangidwa kuti agwirizane ndi gemu yakale. Update ikabwera amayamba kulimbana nayo, gemu imalemera kapena imangotseka yokha. Uwachotse kaye onse, uyese gemu yokhayokha, kenako uziwabwezera mmodzimmodzi mpaka umupeze wolakwa.

Ndipo ndikuuze zoona, mng'ono wanga, ngakhale zikuwawe. Gemu ya 2020 imafuna RAM, malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwira pa nthawiyo, yosachepera 8 GB, ndipo eni ake amalangiza 16 GB. Ya 2024 imayambira pa 16 GB. Laputopu zambiri zimene zimabwera pa benchi langa zili ndi 4 kapena 8. Ngati yako ili choncho, ya 2024 isiye, si saizi yako. Ika FlightGear, kapena X-Plane 11, utsitse settings, uphunzire kunyamuka ndi kutera. Luso lake ndi lomwelo. Makolo ako anagulitsa matumba angati a kachewere kuti akugulire makina amenewo? Usawaphe chifukwa cha mitambo yokongola.

Inunso a mafoni musaseke anzanu. Infinite Flight ndi magemu ena a ndege amatenthetsa foni chimodzimodzi, makamaka mukamasewera ili pachaja, ili m'chikuto chake cha labala. Ndipo chonde, chonde, foni kapena laputopu yotentha musaiike mu firiji, musaiyale nsalu yonyowa. Mayi wina anabwera nayo kwa ine itafa, mwana anaiika mu firiji ya pa golosale kuti izizire msanga. Chinyezi chinalowa mkati, bolodi yonse inachita dzimbiri. Kutentha kukanakonzeka, madzi sanakonzeke.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana kukhomo, ndifulumire. Laputopu ikhale pa tebulo, osati pabedi, osati pamiyendo, osati pa mkeka. Ikwezeni kumbuyo ndi kathabwa kuti mpweya uzilowa pansi. Ikani pulogalamu yaulere yoonetsa kutentha, HWMonitor kapena Core Temp. Mukamasewera, madigiri 70 kapena 80 palibe vuto, ikamakhazikika pamwamba pa 90 imani. Mu settings za gemu ikani malire a mafulemu, zithunzi zimene gemu imaonetsa pa sekondi, pa 30, ndege si mpira, 30 ikwana, ndipo kutentha kumatsika pompo. Terrain Level of Detail, yoonetsa tsatanetsatane wa malo a pansi, itsitseni, ngati ili pa 200 ifike pa 100 kapena 50, imeneyo ndiyo imalemetsa purosesa kwambiri. Magalimoto a m'misewu ndi ndege zina za m'mwamba zichepetseni. Tsekani Chrome ndi Facebook musanauluke. Chaja ikhale yake yeniyeni, osati zija zopepuka ngati chitsononkho. Fumbi lichotsedwe kamodzi pa chaka, mvula isanayambe, ndipo phala lotuwa la pamwamba pa purosesa, thermal paste, limauma pakapita zaka, lisinthidwe. Update muzikoka masana muli maso. Batire ikatupa musaiboole, musaiponye pamoto kapena m'dzala, zimitsani, itulutseni panja pa simenti, muitane wodziwa.

Makolo, simukusowa kudziwa Chingerezi cha mu settings. Makutu muli nawo. Mukamva laputopu ikufuula ngati chigayo m'chipinda cha ana, gogodani, gwirani pansi pake ndi dzanja. Ngati simungapirire kuigwira, auzeni atsitse ndege. Usiku musalole kuti igone pabedi ili pachaja.

Loweruka m'mawa ndidzakhala muno ndi burashi ndi zomasulira, bweretsani malaputopu tidzachotse fumbi limodzi, anyamata mudzaonere kuti mawa muzichita nokha. Mudzabwere ndi chaja yake ndidzaione. A mfumu, ndathera pomwepa, amayi a kwaya akudikira holo.