Ukafika ku Madurai, uyende wapansi kuchokera pa siteshoni

Tamanda mwanangu, ndi azakhali ako. Ndamva zoti pa holide ino iwe ndi anzako a kukoleji mukufuna kuchoka ku Chennai kukaona Madurai, mzinda wakale wa kumwera kwa India. Mwaganiza bwino. Kulemba zonsezi sindingathe, ndiye ungomvera, pena ukaphonya ubwezere m'mbuyo.

Mukwere sitima ya usiku pa siteshoni ya Egmore. Pandian Express ndi imodzi mwa izo, mugona m'njira, kukamacha mwafika. Matikiti mugule msanga, malo ogona amatha. Dzina la sitimalo ulisunge, chifukwa a Pandya ndiwo mafumu akale a Madurai, amene ankalamulira dera limenelo zaka zoposa 2,000 zapitazo, nthawi imene ngale za kugombe lawo zinkagulitsidwa mpaka kwa Aroma.

Tsopano mvera apa, ndipo pagona nkhani. Ukangotuluka pa siteshoni a ma auto, timagalimoto ta hayala ta matayala atatu, akuunjirira, aliyense akuti temple, temple. Uwakane mwaulemu. Siyani zikwama ku malo ogona, muyende wapansi. Ndi kilomita imodzi ndi kachidutswa basi, ndipo mbiri ya mzindawo ili pa mtunda umenewo. Madurai anamangidwa mozungulira kachisi wa Meenakshi, mulungu wamkazi wa Ahindu. Misewu yake imazungulira kachisiyo mwa ngodya zinayi, wina m'kati mwa unzake, moti ukamalowera m'kati umakhala ukubwerera m'mbuyo m'zaka. Wokwera auto amangoona fumbi ndi misana ya mabasi.

Msewu woyamba kuwoloka, pakhomo penipeni pa siteshoni, ndi West Veli Street. Pamenepo panali linga la mzinda ndi ngalande yake ya madzi. Angerezi a East India Company anatenga Madurai mu 1801, ndipo cha m'ma 1840 DC wawo, John Blackburn, analamula kuti lingalo ligwetsedwe, ngalande ikwiriridwe, mzinda upeze kofutukukira. Ukapita patsogolo pang'ono uwerenge zikwangwani. Upeza msewu wa Marret ndi wa Perumal Maistry. Marret anali woyeza malo, Perumal anali kapitawo wa ntchito yogwetsayo. Amene anagumula linga ndiwo anasiyidwira mayina pa misewu. Zimenezo ndimaziganizirabe.

Kenako ufika pa Masi Street, kenako Avani Moola, kenako Chithirai, ndipo m'kati mwa mpanda wa kachisi muli Adi. Onsewo ndi mayina a miyezi ya Chitamil, chilankhulo cha kumeneko, chifukwa mwezi uliwonse wa chikondwerero unali ndi msewu wake woyendamo milungu. Pa Masi uime kaye, uone kutambalala kwake. Anaukulitsa dala kuti mudutse magareta akuluakulu a mitengo, aatali kuposa nyumba zosanja za m'mbalimo, amene anthu zikwizikwi amakoka ndi zingwe zonenepa. Dongosolo limeneli ndi la mafumu a Nayak, kuyambira pa Viswanatha Nayak amene anayamba kulamulira mu 1529, pamodzi ndi nduna yake Ariyanatha Mudaliar.

Ufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani anachita kumanganso mzinda wakale chonchi. Mu 1311 Malik Kafur, mkulu wa asilikali a Alauddin Khalji wa ku Delhi, anafika ku Madurai nalanda chuma cha m'kachisi. Kuchokera mu 1335 mpaka mu 1378 mzindawo unali ndi masultani akeake, kenako ufumu wa Vijayanagara unautenga, ndipo a Nayak poyamba anali akazembe a ufumu umenewo. Ndiye wokuonetsani malo akamati nyumba zonsezi zili ndi zaka 2,500, ungomwetulira. Malo opembedzerawo ndi akaledi, nyimbo za Chitamil za m'zaka za m'ma 600 zimawatchula, ndipo nsanja ya kum'mawa ndi ya m'ma 1200, nthawi ya a Pandya. Koma zambiri zimene maso ako akaone ndi za m'ma 1500 ndi 1600. Kwa ine zimenezo sizichepetsa kanthu. Anthu anawonongeredwa, nabwerera pamalo pomwepo, namanga chachikulu kuposa choyamba.

Ukafika pa Chithirai Street usathamangire kulowa. Zungulira kaye mpanda. Nsanja zilipo 14, zinayi zazikulu zili pa zipata za kunja, ndipo ya kumwera ndiyo yaitali kwambiri, pafupifupi mamita 52. Kuchokera pansi mpaka pamwamba ndi zifaniziro zokhazokha, milungu, ziwanda, nyama, zopakidwa utoto wowala kwambiri. Amazikonza n'kuzipentanso pakapita zaka 12 kapena kuposerapo, ndiye ukapeza ina itakutidwa ndi timitengo ta amisiri usakhumudwe. Pozungulirapo uyang'ane amayi ogulitsa maluwa a jasmine. Akhala pansi, mulu wa timaluwa toyera tosatseguka patsogolo, ulusi m'manja, zala zikumanga awiriawiri mofulumira, iwo akucheza osayang'anako n'komwe. Poyeza amagwiritsa ntchito mkono, kuchokera pa chigongono kufika kunsonga za zala. Ugule mkono umodzi, uwapemphe akuvalike kutsitsi.

Za pakhomo tsopano. Nsapato zimatsala kunja, pali malo osungira, amakupatsa kachiphaso. Masokosi uvulenso. Foni silowa, kamera silowa. Lamulo la mafoni linabwera mu 2018, moto utabuka usiku wina mu Febuluwale pa mashopu a m'kati, cha ku chipata cha kum'mawa, n'kuwononga holo ina yakale ya miyala. Khoti linalowererapo. Ndiye usakakangane ndi apolisi a pachipata, usiye foni pa malo osungira. Uvale zofika kumapazi, mapewa ofunda. Anyamata amene muli nawowo uwauze kuti kabudula abwerera naye. Kachisi amatsegula 5 koloko m'mawa, amatseka cha m'ma 12:30, n'kutsegulanso 4 koloko madzulo. Pitani m'mawa, miyala ya panja dzuwa likakwera imaotcha kumapazi.

Mulowere kum'mawa. Uona kuti anthu onse ayamba apita kwa Meenakshi, mkazi, kenako ndiye kwa mwamuna wake Sundareswarar, amene ndi Shiva, mmodzi mwa milungu ikuluikulu ya Ahindu. M'makachisi ambiri a Shiva sizikhala choncho. Nthano yawo imati mfumu ya a Pandya, Malayadhwaja, inalibe mwana. Itapereka nsembe, m'moto munatuluka kamtsikana ka mabere atatu, ndipo mawu anamveka kuti lachitatulo lidzachoka akadzakumana ndi mwamuna wake. Analeredwa ngati wolowa ufumu, anamenya nkhondo mpaka ku phiri la Kailash, ndipo ataona Shiva bere lija linazimiririka. Ukwati unachitikira ku Madurai, kwawo kwa mkazi, ndipo mwamunayo anakhala komweko. Kunena mwa kwathu, Shiva ku Madurai ndi mkamwini. Atamil eni ake amaseka nazo. Akafuna kudziwa wolamula pabanja amafunsa kuti kwanu ndi ku Madurai kapena ku Chidambaram, poti ku kachisi wa Shiva wa mumzinda wa Chidambaram wotchuka ndi mwamunayo. Ukamufunse mnzako wa Chitamil uja, uona mmene asekere.

M'katimo muli dziwe la masitepe mbali zonse, amalitcha Potramarai Kulam. Ukhale pa masitepewo kanthawi, poti pamenepo nsanja zimaoneka bwino. Amati kalekale bwalo la alakatuli, lotchedwa Sangam, linkayesera ndakatulo pa madzi amenewo, yabwino inkayandama, yopanda pake inkamira. Ndi nthano, koma ikuuza kuti mzindawo umadziona ngati likulu la chilankhulo cha Chitamil.

Holo ya mizati 1,000 usaiphonye, amalipiritsa pang'ono polowa. Mizatiyo ilipo 985, anaimanga Ariyanatha Mudaliar uja mu 1569. Anthu ambiri amangodutsa pakati n'kutuluka. Iwe usankhe mzati umodzi, uuzungulire wonse. Uone zikhadabo, mikanda ya m'khosi, makwinya a nsalu, kachirombo kooneka ngati mkango koimirira ndi miyendo yakumbuyo, zonsezo zosemedwa pa mwala wolimba wa granite ndi tcheselo ndi hamala.

Pali malo amene munthu amene si Mhindu saloledwa kupitirira, makamaka zipinda zam'kati za milungu iwiriyo. Zikwangwani zilipo. Ukafika pamenepo uime, osazemba, osanamizira. Iwe wapita kukaona, anzako apita kukapemphera, uwapatse njira. Wansembe akakupatsa phulusa loyera ndipo mtima wako sukufuna, uike manja pamodzi, uweramitse mutu, upitirire, palibe amene akukakamize. Koma udziwenso kuti makomo amenewo ali ndi nkhani yowawa. Mpaka mu 1939 Ahindu a m'magulu onyozedwa, amene lero amatchedwa ma Dalit, sankaloledwa kulowa. Pa 8 Julayi chaka chimenecho loya wina, A. Vaidyanatha Iyer, analowa ndi kagulu kochepa ka anthu amenewo, ndipo ansembe ambiri ananyanyala ntchito kwa zaka zingapo chifukwa cha zimenezo. Ambiri mwa amene uwaone pa mzere, azigogo awo ankathera panja.

Masana kachisi atatseka, apo ndiye mukwere auto. Pitani ku nyumba yachifumu ya Tirumalai Nayak, amene analamulira kuyambira 1623 mpaka 1659. Inamangidwa mu 1636, ndipo chimene chatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, poti mdzukulu wake anagumula zambiri n'kutengera zipangizo ku Tiruchirappalli. Ngakhale choncho mizati yake yoyera ija, anthu awiri kugwirana manja saikwanitsa kuizinga. Nthawi ikalola muwoloke mtsinje wa Vaigai kupita ku Gandhi Memorial Museum. Ndi ku Madurai kumene Gandhi, mu Seputembala 1921, anasiya zovala zake zonse n'kuyamba kumanga kansalu ka m'chiuno kaja. Amene amakonda zofukula pansi, ku Keezhadi ndi makilomita 12 okha, kumene kuyambira 2015 akhala akufukula njerwa, zitsime ndi mapale olembedwa zilembo zakale za Chitamil. Pobwerera mumwe jigarthanda, chakumwa chozizira cha mkaka ndi ayisikilimu, n'cha komweko.

Usiku mubwerere kukachisi isanakwane 9 koloko, ngakhale mutatopa bwanji. Tsiku lililonse amanyamula Sundareswarar pa machira kupita naye kuchipinda cha mkazi wake kuti akagone. Uyamba wamva ng'oma ndi chitoliro chachitali chija cha nadaswaram, cholira kwambiri m'makonde a miyala. Kenako miuni, utsi wa lubani wochita kutsamwitsa, ansembe opanda malaya atasenza machirawo pamapewa, wina akukupiza kuti utsi ufike pa makatani. Pakhomo la Meenakshi amaima, kuchita mwambo, n'kulowa naye. M'mawa amamubwezera kwake. Uime chakumbali, pafupi ndi mzati, chifukwa gulu likamatsatira machira siliona munthu.

Chinanso, muone kaye kalendala. Holide yanu ikagwera mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, mupeza chikondwerero cha Chithirai, cha ukwati wa Meenakshi, ndipo malo ogona amadzaziratu. Ndi nthawi imene magareta aja amazungulira Masi Street. Kenako Alagar, amene ndi Vishnu, mulungu wina wamkulu wa Ahindu, ndipo amati ndi mlongo wake wa mkwatibwi, amanyamuka ku kachisi wake wa kumapiri, makilomita oposa 20, nafika pa Vaigai atakwera hatchi ya golide. Akamva kuti ukwati wachitika kale iye asanafike, sawoloka, amabwerera. Kale izi zinali zikondwerero ziwiri, cha otsatira Shiva ndi cha otsatira Vishnu, ndipo Tirumalai Nayak ndiye anaziphatikiza kuti mumzinda ndi m'midzi asonkhane pamodzi. Ndale zanzeru ndithu. Koma kumatentha koopsa ndipo anthu amapanikizana, ndiye ngati mwasankha nthawi imeneyo, mugwirizane pokumana mukasocherana, poti m'kachisi foni simukhala nazo.

Ndipo amayi ako uwauziretu tsiku limene ukhale m'kachisi. Ukuwadziwa, akaimba kawiri osayankha ayamba kuimbira ine pakati pa usiku.